Kufunsa nyumba yakale za makolo anu

Munthu akayamba kufufuza za makolo ake, kawirikawiri amayamba ndi dzina. Amatenga dzina la agogo n'kumalisaka m'makaundula, pa intaneti ndi kwa achibale. Kwa mibadwo iwiri kapena itatu zimayenda bwino. Kenako njira imazilala. Dzina lija lapezeka pa anthu anayi a dera limodzi, mlembi wina analilemba mwa makutu ake, agogo aakazi anasintha dzina atakwatiwa, ndipo munthu amene mudzi wonse unkamudziwa ndi dzina lamasewera analembedwa ndi dzina la ubatizo limene ngakhale ana ake sankalitchula. Zikafika apa, anthu ozolowera ntchitoyi amasiya kuthamangitsa dzina. Amatembenukira ku chinthu chimene sichisamuka, sichikwatiwa ndipo sichibatizidwa kawiri, chomwe ndi nyumba yakale ya kumudzi ndi malo amene yakhalapo.

Kuti njirayi imveke, tiyambe ndi chifukwa chimene anthu wamba analembedwera m'mabuku poyamba. Maboma akale sankalemba alimi ndi amisiri pofuna kusungira zidzukulu mbiri. Ankafuna msonkho ndi asilikali. Wokhometsa msonkho amadziwa kuti munthu akhoza kuthawira kutchire tsiku la kalembera, koma khomo lake silingamutsatire. Choncho mabuku ambiri akale anasanjidwa motsata nyumba ndi minda, osati motsata mayina. Ku England, kuyambira 1662 mpaka 1689, banja lililonse, kupatula osauka kwambiri, linkalipira mashilingi awiri pachaka pa malo aliwonse osonkhapo moto m'nyumba, ndipo mindandanda yambiri ya olipirawo ilipo mpaka lero. Mu 1770, mfumukazi Maria Theresa analamula kuti nyumba za m'maiko ake a Austria ndi Bohemia zilembedwe manambala pofuna kudziwa anyamata oyenera kulowa usilikali. Posakhalitsa ansembe anayamba kulemba manambala amenewo m'makaundula a ubatizo, ukwati ndi maliro, moti lero munthu akhoza kutsata nambala imodzi n'kuona aliyense amene anabadwira ndi kufera m'nyumbayo kwa zaka zoposa zana. Ku France, Napoleon analamula mu 1807 kuti munda uliwonse ndi nyumba iliyonse zijambulidwe pamapu ndi kulembedwa mwini wake, ntchito imene inatenga zaka pafupifupi 40. Zonsezi zinali zida zofinyira anthu. Zidzukulu za ofinyidwawo ndiye zikudyerera.

Koma pali chinthu chimodzi choyenera kuchigwira musanakwere makwerero kapena kutsegula buku lililonse. Nyumba ndi mboni yokhulupirika, koma funso limene imayankha ndi lakuti "anagona muno ndani?" Funso limene inu mwabwera nalo ndi lakuti "anabala uje ndani?" Mafunso awiriwa amafanana nkhope ngati mapasa, ndipo zolakwa zambiri za m'ntchitoyi zimabwera munthu akatenga yankho la funso loyamba n'kuliika pa lachiwiri.

Zimene makoma ndi denga amanena

Nyumba yakale iyenera kuwerengedwa kuchokera kumene eni ake sankasamalako. Khomo lakumaso ndi chipinda cholandirira alendo zimakonzedwa m'badwo uliwonse, chifukwa n'zimene anthu amaona. Kudenga, kuseri kwa pulasitala ndi pansi pa masitepe palibe amene amadzionetsera, ndiye kumeneko zinthu zimakhala mmene mmisiri woyamba anazisiyira. M'midzi yambiri ya ku England muli nyumba zimene kunja zimaoneka za m'ma 1800, koma ukakwera kudenga umapeza phaso lakuda bii ndi mwaye. Mwaye umenewo umanena kuti panali nthawi imene moto unkayaka pakati pa chipinda, utsi n'kumatulukira m'denga, anthu asanayambe kumanga machumuni m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Nyumba yotereyi ndi yachikulire kuposa nkhope yake ndi zaka mazana atatu kapena kuposerapo.

Zipangizo zomangira zimapereka malire a nthawi, ndipo m'pofunika kumvetsa kuti malirewo ndi a mbali imodzi. Simenti ya Portland inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin wa ku Leeds mu 1824. Malata a mizere analembetsedwa ndi Henry Robinson Palmer ku London mu 1829. Misomali yosulidwa pamanja, ya mutu wosalingana, ndiyo inalipo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kenako kunabwera yodulidwa ndi makina, ndipo yozungulira yopangidwa ndi waya imene tikuidziwa lero inafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mukapeza msomali wa waya m'phaso, mwadziwa kuti phasolo silinakhomedwe nthawi imeneyo isanafike. Simunadziwe kuti linakhomedwa liti, pakuti chinthu chatsopano chimatenga zaka zambiri kuti chifike kumudzi, ndipo mlimi sataya msomali wakale. Amauwongola pamwala n'kuugwiritsanso ntchito. Mitanda nayo imayenda. Mtanda wokhala ndi zibowo zimene sizikugwira kanthu unachokera m'nyumba ina, mwina ya pamalo omwewo, mwina ya kutali.

Chimene chimandikoka kwambiri ine ndi zipsera za pakhoma. Mzere wowongoka wotsika kuchokera kudenga mpaka pansi, pamene njerwa sizinalumane, umasonyeza pamene nyumba inkathera isanawonjezedwe. Khomo lotsekedwa ndi njerwa za mtundu wina limasonyeza kuti anthu ankalowera kwina. Nyumba imodzi yokhala ndi makomo awiri ndi malo awiri ophikira nthawi zambiri inagawidwapo, kaya pakati pa abale awiri amene akazi awo sankamwerana madzi, kaya pakati pa mayi wamasiye ndi mwana wake wokwatira. Chipsera chilichonse ndi chochitika m'banja: kubadwa kwa ana ambiri, ndalama zobwera ndi munthu amene anakagwira ntchito kutali, imfa, mkangano. Khoma silingakuuzeni dzina, koma limakupatsani funso lakuthwa lokafunsa m'mabuku. Ngakhale apa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu amakonda kunena kuti zenera lililonse lotsekedwa ku England linatsekedwa pothawa msonkho wa mazenera umene unalipo kuyambira 1696 mpaka 1851. Ena anatsekedwadi pa chifukwa chimenecho, koma ambiri anamangidwa otseka kale kuti nyumba ioneke yolingana mbali zonse.

Nanga chaka chosemedwa pamwamba pa chitseko? Chimenecho n'chimene aliyense amathamangira kujambula, ndipo n'chimene chimanamiza kwambiri. Ku Scotland kuli miyala ya pamphuthu yokhala ndi zilembo zoyamba za mayina a mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi chaka, ndipo nthawi zambiri chakacho ndi cha ukwati wawo kapena cha nthawi imene anakonzanso nyumbayo. Mwala wokongola wotere nyumba ikagwa sautaya, amauika pa nyumba yatsopano. Ndi umboni wabwino wa anthu awiri, koma ndi umboni wofooka wa msinkhu wa khoma limene ulipo. Ku Japan zinthu n'zosiyanako. Amisiri akale ankalemba pathabwa tsiku lomanga, dzina la mwini nyumba ndi la kalipentala, n'kulikhomera pa mtanda wa patsindwi pamene maso a alendo safika. Mathabwa amenewa amatchedwa munafuda, ndipo amakhulupirika kwambiri chifukwa sanalembedwere kudzionetsera.

Sayansi ili ndi gawo lake, koma ndi laling'ono kuposa mmene anthu amaganizira. M'maiko ozizira mtengo umawonjezera mzere umodzi wozungulira chaka chilichonse, waukulu chaka chabwino, wowonda chaka choipa. Andrew Ellicott Douglass, katswiri wa zakuthambo wa ku Arizona, anaonetsa kuti mizere imeneyi ingalumikizidwe kuchokera ku mitengo yamoyo kubwerera m'mbuyo mpaka ku mitanda ya m'mabwinja, ndipo mu 1929 anatha kutchula zaka zimene midzi yakale ya kumwera chakumadzulo kwa America inamangidwa. Lero katswiri amaboola mtanda n'kutenga kachidutswa kowonda ngati pensulo. Mtandawo ukakhala kuti udakali ndi mzere wakunja wa pansi pa khungwa, iye akhoza kunena chaka chimene mtengowo unagwetsedwa, ndipo popeza amisiri ankakonda kusema mitengo ya oak idakali yaiwisi, nyumbayo inamangidwa patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri. Mmisiri akakhala kuti anasenda mizere yakunjayo, mumangopeza chaka chimene mtengowo unali usanadulidwe. M'maiko otentha mitengo yambiri ilibe mizere yapachaka yooneka bwino, choncho njirayi imathandiza mwa apo ndi apo. Kuyeza msinkhu wa zinthu ndi kaboni, kumene Willard Libby anatulukira m'zaka za m'ma 1940, n'kwabwino pa zinthu za zaka masauzande, koma pa zaka zapakati pa 1650 ndi 1950 kumapereka mayankho angapo nthawi imodzi, ndipo zaka zimenezo n'zimene wofufuza za banja amazifuna.

Pali vuto lina limene mabuku ambiri ophunzitsa ntchitoyi amalilumpha. Anthu ambiri a padziko lapansi sanakhale m'nyumba za miyala. Nyumba ya dothi ndi udzu imamangidwanso m'badwo uliwonse, nthawi zina pafupipafupi kuposa pamenepo, chifukwa cha chiswe, mvula ndi moto. Kodi ndiye kuti palibe chowerenga? Chilipo, kungoti "nyumba" pamenepa ndi malo. Kachulu ka dothi pamene panagwera makoma, phulusa ndi mapale pamene panali dzala, mphero yosweka, chitsime chokwiririka, mitengo yazipatso imene siimera yokha ndipo yaima pamzere, mpanda wamoyo umene wasanduka tchire, ndi manda. Bwinja limasunga dongosolo la mudzi: nyumba ya wamkulu inali pati, za ana zinayang'ana kuti, amene anabwera mochedwa anapatsidwa malo kumalire ati. Ubale umene sunalembedwe papepala nthawi zina unalembedwa pansi ndi mtunda wa pakati pa khomo ndi khomo.

Zimene mapepala amanena

Lamulo la m'mapepala ndi lakuti muyambe lero n'kumabwerera m'mbuyo, mwini ndi mwini, osalumpha. Chilakolako chimakukokerani ku chikalata chakale kwambiri chokhala ndi dzina la banja lanu, koma pakati pa chikalatacho ndi inu pakhoza kukhala mabanja awiri achilendo. Chikalata chogulitsira nyumba chimatchula wogulitsa, ndipo kawirikawiri chimanenanso mmene iye anaipezera. Chimenecho chimakutumizani ku chikalata china, chinacho ku china, mpaka unyolo utaduka.

Apa m'pamene kusiyana kwa mwini ndi wokhalamo kumaonekera. M'midzi yambiri ya ku Ulaya, anthu amene ankagona m'nyumba ndi kulima minda sanali eni ake. Ankalipira lendi kwa mwini malo amene mwina sanapondepo m'mudzimo. Banja likhoza kukhala m'nyumba imodzi mibadwo isanu popanda dzina lake kuoneka m'chikalata cha umwini ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake mabuku olemba onse awiri ali amtengo wapatali. Ku England ndi Wales, lamulo la 1836 losintha chakhumi cha mpingo kuchoka pa zokolola kupita pa ndalama linachititsa kuti midzi yambiri ijambulidwe mapu, munda uliwonse ndi nyumba iliyonse zili ndi nambala, ndipo buku lotsagana ndi mapuwo lili ndi danga la mwini ndi danga la wokhalamo. Ku Ireland, Richard Griffith anatsogolera ntchito yowerengera mtengo wa malo onse, imene inasindikizidwa kuyambira 1847 mpaka 1864. Chosangalatsa n'chakuti mabuku ake anapitiriza kukonzedwa zaka zambiri pambuyo pake. Wokhalamo akasintha, mlembi ankakhwatcha dzina lakale n'kulemba latsopano ndi inki ya mtundu wina, chaka n'kuchiika m'mphepete. Tsamba limodzi lokhwatchakhwatcha likhoza kukuonetsani bambo, mkazi wake wamasiye, mwana, kenako mlendo, ndipo chaka cha kukhwatcha kulikonse chimakulozerani kumene mukasake imfa, ukwati kapena ulendo wa pa nyanja.

Kalembera ndiye amalowa m'nyumba n'kutchula aliyense amene anagonamo usiku umodzi. Ku England, woyamba kulemba mayina a anthu onse ndi wa 1841, ndipo ali ndi msampha wake, chifukwa zaka za anthu opitirira 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena pa 0. Munthu wa zaka 44 analembedwa 40. Vuto lalikulu la kalembera wa kumudzi ndi lakuti nyumba zambiri zinalibe nambala kapena dzina, mlembi ankangolemba dzina la mudzi. Njira yake ndi kutsata mapazi a mlembiyo. Iye ankayenda khomo ndi khomo, choncho mukapeza malo awiri odziwika m'buku lake, monga tchalitchi ndi chigayo, mukhoza kuwerenga mabanja a pakati pake n'kuwayerekeza ndi nyumba za pamapu. Anthu oyandikana nawo nyumba amasanduka zikhomo zanu. Ndipo musadabwe kupeza kuti mkazi wa agogo anu anakulira makomo atatu kuchokera pamenepo, pakuti kale anthu ambiri ankakwatira kumene miyendo inkafika.

Sweden ndiyo inachita mwayi woposa. Kutsatira lamulo la mpingo la 1686, abusa ankayendera banja lililonse kukayesa anthu kuwerenga ndi katekisimu, ndipo mabuku awo anawasanja famu ndi famu. M'kupita kwa nthawi anayamba kulembamo tsiku lobadwa la aliyense, kumene wachokera ndi kumene wasamukira, antchito omwe. Maiko ambiri alibe zotere. Chimene chimapezeka kwambiri ndi makaundula a mpingo, amene ku England anayamba ndi lamulo la Thomas Cromwell, nduna ya mfumu, mu 1538, ndipo m'mpingo wa Katolika anakhazikitsidwa ndi msonkhano wa ku Trent mu 1563. Palinso mapepala a chuma cha masiye. Ku England m'zaka za m'ma 1500 mpaka 1700, munthu akamwalira anansi ankalowa m'nyumba n'kulemba katundu wake chipinda ndi chipinda. Mukagwira pepala lotere n'kuyenda nalo m'nyumbamo, mumaona ngati zipinda zikugwirizana. Pepala likatchula zipinda zisanu ndi ziwiri pamene nyumba yanu nthawi imeneyo inali ndi zitatu, ndiye kuti mwagwira munthu wolakwika kapena nyumba yolakwika, ngakhale dzina likomere bwanji.

Manambala a nyumba nawo asakupusitseni. Midzi yambiri inasinthidwa manambala kangapo, moti nambala 12 ya m'buku lina ikhoza kukhala nambala 31 m'buku lotsatira. Chimene sichisintha msanga ndi malire: mtsinje, msewu, munda wa uje kum'mawa.

Pamene dzina ndi la nyumba

M'madera ena nkhaniyi imapindika mochititsa chidwi, chifukwa nyumba ndiyo inkapatsa anthu dzina. Ku Norway, mlimi ankadziwika ndi dzina lake, dzina la bambo ake, ndi dzina la famu imene akukhala. Akasamukira ku famu ina, dzina lachitatulo linkasintha. Linali ngati keyala. Lamulo lokakamiza banja lililonse kukhala ndi dzina lokhazikika linabwera mu 1923. Zotsatira zake n'zakuti anthu awiri a dzina limodzi la famu akhoza kukhala opanda ubale uliwonse, wina mwini, wina wantchito, pamene abale a mimba imodzi ali ndi mayina atatu osiyana. Anthu a ku Norway anazolowera kwambiri kuganiza motere moti madera ambiri akumidzi ali ndi mabuku otchedwa bygdebok, ofotokoza famu iliyonse ndi mabanja onse amene anakhalapo motsatana. Kwa anthu a Chibasque, ku malire a Spain ndi France, nyumba imatchedwa etxe, ndipo mayina ambiri a mabanja ndi mayina a nyumba. Etxeberria amatanthauza nyumba yatsopano. Mbali zina za Germany ndi Austria, mwamuna wokwatira mwana wamkazi wolowa famu ankaitanidwa ndi dzina la famuyo. Wofufuza wosadziwa izi amaona dzina limodzi pa nyumba kwa zaka 300 n'kusangalala kuti wapeza mzere wa bambo ndi mwana wosaduka, chonsecho magazi anadutsira mwa akazi kawiri ndipo kamodzi famuyo inagulitsidwa kwa mlendo.

Izi zikutifikitsa pa anthu amene nyumba imawaiwala. Nyumba imatsata wolowa m'malo. Kumene cholowa chimapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ana ena onse amachoka, ndipo mbiri ya nyumbayo imakhala chete za iwo. Kumene chimatsata mzere wa amayi, amuna ndiwo amaoneka ngati alendo odutsa. Ku England, malamulo a 1870 ndi 1882 asanabwere, katundu wa mkazi wokwatiwa ankalamulidwa ndi mwamuna wake, moti nyumba imene inabwera ndi mkazi imaoneka m'mabuku pa dzina la mwamuna ngati kuti inagwa kuchokera kumwamba. Mukaona dzina latsopano latulukira pa nyumba popanda chikalata chogulitsa, sakani ukwati. Antchito, ana oleredwa ndi akapolo amene ankagona m'khitchini kapena kuseri amatchulidwa mwa apo ndi apo, chonsecho kwa anthu ambiri kholo lenileni ndi ameneyo, osati bwana amene dzina lake lili pamwala. Kawerengedwe kakenso n'kosavuta. Muli ndi makolo 2, agogo 4, kenako 8, 16, 32. Pa m'badwo wachisanu, nyumba imodzi ikukuuzani za anthu awiri mwa 32, ndipo kwa aliyense wa iwo munatengako pafupifupi magawo atatu pa 100 a chibadwa chanu. Enawo anali ndi makomo awo kwina. Kunena kuti "kwathu kwenikweni ndi nyumba iyi" ndi kusankha, ndipo palibe cholakwika ndi kusankhako malinga munthu akudziwa kuti wasankha.

Zimene akuluakulu amanena

Mboni yachitatu ndi imene ikutha tsiku ndi tsiku, choncho ngakhale ndaitchula kumapeto, iyenera kufunsidwa poyamba. Kaundula adzakudikirani zaka khumi, agogo a zaka 88 sangalonjeze zimenezo. Ubwino wa nyumba ndi wakuti imatsegula pakamwa. Mukamufunsa munthu wokalamba kuti atchule makolo ake, amatchula atatu n'kutopa. Mukayenda naye m'nyumba n'kumufunsa kuti pakona apa pankagona ndani, chitseko ichi anatseka ndani, mtengo uwu anabzala ndani, mayina amatuluka okha, pamodzi ndi azakhali amene anamwalira ali mtsikana ndi mlendo amene anakhala zaka zisanu n'kusiya mwana. Funsani anthu mmodzimmodzi, chifukwa pagulu onse amagonjera wolankhula kwambiri. Funsaninso oyandikana nawo, pakuti iwo amakumbukira zimene banja linasankha kuiwala. Ndipo musawongole munthu pamene akulankhula, ngakhale mukudziwa kuti chaka walakwitsa. Lembani mmene wanenera, dzina lake ndi tsiku.

Mbiri yapakamwa ili ndi kapindikidwe kake kodziwika. Jan Vansina, katswiri wa mbiri wa ku Belgium amene anathera moyo wake pa nkhani zapakamwa za pakati pa Africa, anaona kuti anthu amakumbukira bwino mibadwo yaposachedwa ndiponso nkhani ya chiyambi, koma pakati pamakhala phompho, ndipo phompholo limasuntha mibadwo ikamapita. Anthu a pakatiwo amagwa, kapena awiri a dzina limodzi amasanduka munthu mmodzi. "Nyumbayi anamanga agogo" ikhoza kutanthauza agogo a wolankhulayo, agogo a agogo ake, kapena munthu amene anangoika malata pa makoma amene anawapeza. Muyeso wosavuta ndi wakuti m'badwo umodzi umatenga zaka 25 mpaka 30. Ngati mayina anayi akuyenera kudzaza zaka 200, pali amene akusowa.

Nthawi zina mapepala kulibe chifukwa anapsa. Nyumba yosungira zolemba za boma ku Dublin inawonongeka mu 1922 pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo kalembera wa 1821 mpaka 1851 anapita pafupifupi yense. Kalembera wa America wa 1890 anawonongeka ndi moto wa 1921, wa England ndi Wales wa 1931 anapsa mu 1942. Kwina mapepala sanalembedwe n'komwe, kapena analembedwa ndi atsamunda amene ankangofuna dzina la mutu wa banja. Pamenepo nyumba ndi malo zimanyamula katundu wolemera kwambiri, mothandizidwa ndi zithunzi. Maiko ambiri anajambulidwa kuchokera m'ndege pakati pa zaka za m'ma 1900 popanga mapu, ndipo zithunzi za masetilaiti aukazitape a America otchedwa CORONA, zojambulidwa kuyambira 1960 mpaka 1972, zinatsegulidwa kwa anthu onse mu 1995. Pa zithunzi zotere mudzi umene lero ndi munda umaoneka ndi mabwalo ndi tinjira take. FamilySearch, bungwe la mpingo wa Latter-day Saints lofufuza za makolo, lakhala likujambula makaundula a maiko ambiri kuyambira 1938 ndipo ambiri amaonedwa ulere pa intaneti. Koma mitengo ya mabanja imene anthu amaika pa intaneti muziitenga ngati mphekesera. Cholakwa chimodzi chikakoperedwa ndi anthu 50 chimaoneka ngati mboni 50.

Mboni zitatuzi zikagwirizana, mwapeza chinthu cholimba. Zikasemphana, musathamangire kusankha imene ikukukomerani, chifukwa kusemphanako kawirikawiri ndiko kuli nkhani. Banja likuti kholo linamanga nyumba, mitanda ikuti nyumbayo ndi yakale kuposa iye ndi zaka 80, buku la msonkho likuti iye analowamo chaka chimene mwini wakale anamwalira. Mwina anakwatira mkazi wamasiye. Mwina anali wantchito amene anatsala. Mwina anailanda pa ngongole, ndipo n'chifukwa chake mabanja awiri a m'mudzimo sapatsana moni mpaka lero popanda wodziwa chimene chinayambitsa. Kuyeza DNA kukhoza kutsimikiza kapena kugwetsa ubale wa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi yapitayi, ndipo kwagwetsa kale nkhani zambiri zimene makoma ndi mapepala ankagwirizana, pakuti mwana wobadwira m'nyumba amalembedwa pa dzina la mwini nyumba. Musanayambe, dzifunseni ngati mwakonzeka kumva zotere, ndiponso ngati achibale amoyo akonzeka. Dziwaninso kuti munthu wofunsafunsa za malire ndi eni akale amaoneka ngati akukonzekera mlandu wa malo. Ngati nyumbayo ili m'manja mwa anthu ena, nenani poyera chimene mwadzera, pemphani chilolezo musanajambule kanthu, ndipo mukapeza mbiri muwagawireko, pakuti ndi ya nyumba yawonso.

Tsiku labwino koposa lofunsa nyumba ndi limene amisiri akuikonza. Pulasitala akagwetsedwa, makomo otsekedwa ndi mizere ya pakhoma zimaonekera kwa masiku ochepa zisanakwiriridwenso. Denga likasasulidwa, zizindikiro za kalipentala pa mitanda zimakhala poyera. Pansi pa matabwa ndi kuseri kwa mphuthu mumatuluka ndalama zachitsulo zokhala ndi chaka, nyuzipepala zimene anatsekera mphepo, mabotolo, nsapato ya mwana, nthawi zina dzina lolembedwa ndi pensulo ndi mmisiri amene ankadziwa kuti palibe adzaliona iye ali moyo. Omanga amataya zonsezi pa mulu wa zinyalala tsiku lomwelo ngati palibe wowauza. Mukamva kuti nyumba ya makolo anu ikukonzedwa kapena ikugwetsedwa, pitani ndi kamera, tepi yoyezera ndi kope, mujambule khoma lililonse musanalikhudze, ndipo chilichonse chotuluka muchilembe chipinda ndi malo enieni amene chinapezeka.